Musanasalaze puloti ya m'mbali mwa phiri ku Blantyre

Ngati mwagula puloti pamalo otsetsereka mumzinda wa Blantyre, musaitane makina okumba musanalandire chilolezo cha khonsolo. Lamulo la mapulani a malo la 2016 limatenga kukumba ndi kusalaza malo ngati gawo la chitukuko, choncho chilolezo chimafunika musanadule phiri, osati pamene mwafika poyala maziko. Kalata ya mfumu kapena ya amene anakugulitsani malo si chilolezo chomangira.

Popita ku khonsolo, tengani zikalata za umwini wa malowo ndi mapulani ojambulidwa ndi katswiri wovomerezeka. Pamapulaniwo, onetsetsani kuti injiniya wasonyeza kumene madzi a mvula adzadutse komanso khoma lotchinga dothi, lokhala ndi timabowo totulutsira madzi m'munsi mwake, chifukwa khoma lopanda timabowo limakankhidwa ndi dothi lonyowa mpaka kugwa. Dothi lokumbidwa lisaunjikidwe kumtunda kwa nyumba ya mnansi wanu.

Funsaninso ngati malowo sali m'nkhalango yotetezedwa. Zigumukire za namondwe wa Freddy mu 2023 zinakokolola nyumba zambiri m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chilobwe, ndipo kumalo otere injiniya ayambe waona nthaka musanalipire ndalama yomaliza ya puloti.