Kupeza kupendekeka kwa mzere pa gilafu osanamizidwa ndi maso

Ophunzira ambiri amene ndimawathandiza masamu amangoyang'ana mzere pa gilafu n'kugamula kuti "uwu ndi wotsetsereka kwambiri." Chizolowezi chimenechi ndimalimbana nacho kwambiri, chifukwa mzere womwewo mutha kuugoneka kapena kuuimiritsa pongosintha sikelo.

Sankhani madontho awiri otalikirana pa mzerewo. Tinene kuti galimoto yayenda makilomita 144 pa maola 2, mtunda uli kumbali yoimirira, nthawi ili kumbali yogona. Gawani zimene zasintha m'mwamba ndi zimene zasintha cham'mbali: 144 ÷ 2 = 72, kumeneku ndiko kupendekeka kwa mzerewo. Musasiyire pomwepo. Lembani kuti makilomita 72 pa ola. Nambala yopanda muyeso wake siinena kanthu, ndipo ine ndikaiona ndimaibweza.

Tsopano sinthani miyeso. Maola 2 ndi mphindi 120, ndiye 144 ÷ 120 ikupereka makilomita 1.2 pa mphindi. Mukatenga mamita ndi masekondi, 144,000 ÷ 7,200 ikupereka mamita 20 pa sekondi. Galimoto ndi yomweyo, liwiro ndi lomwelo, koma manambala atatu osiyana: 72, 1.2 ndi 20. Gwirani lamulo ili: mukachulukitsa manambala a kumbali yoimirira ndi 1,000, kupendekeka kumachulukanso ka 1,000, mukachulukitsa a kumbali yogona ndi 3,600, kumachepa ka 3,600. N'chifukwa chake timagawa ndi 3.6 pochoka ku makilomita pa ola kupita ku mamita pa sekondi.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa sikelo ya papepala. Jambulani ulendo uja sentimita imodzi ikuimira ola, ina ikuimira makilomita 20. Mzere ukwera masentimita 7.2 pa masentimita 2 okha, ngati khoma. Jambulaninso, sentimita imodzi ikuimira makilomita 72. Tsopano ukwera masentimita 2 pa masentimita 2, ngodya yake madigiri 45, ndipo woyeza ndi rula adzati kupendekeka ndi 1. Walakwa. Ikani rula pambali, muwerenge manambala olembedwa m'mbali mwa gilafu.

Ngodya imanena zoona pokhapokha mbali zonse ziwiri zili ndi muyeso umodzi ndi sikelo imodzi. Chikwangwani cha pamsewu cholembedwa 10% chikutanthauza kuti msewu ukukwera mamita 10 pa mamita 100 aliwonse opita cham'mbali. Mamita afafanizana okhaokha, kwatsala 0.1, yomwe ndi madigiri pafupifupi 5.7. Mukayeza m'mafiti mupezabe 0.1.

Yesererani pa kutentha, Celsius ali kumbali yogona, Fahrenheit ali kumbali yoimirira. Madzi amaundana pa 0°C, yomwe ndi 32°F, ndipo amawira pa 100°C, yomwe ndi 212°F. Chotsani 32 pa 212, mugawe 180 ndi 100, mupeza 1.8°F pa digiri iliyonse ya Celsius. 32 uja amangokweza mzere wonse m'mwamba, saupendeketsa ngakhale pang'ono.