Pawa banki yabwino imadziwika musanalipire

Mafoni ambiri omwe anthu ali nawo masiku ano, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung, ali ndi batire la 5,000 mAh (mAh ndi muyeso wa moto womwe batire limasunga). Ndiye munthu akaona pawa banki yolembedwa 10,000 mAh amawerengera kuti idzaza foni yake kawiri. Sizitero, ngakhale pawa bankiyo ikhale yeniyeni. Nambala ija amaiwerengera pa mabatire a m'kati, omwe ndi a 3.7V, pomwe moto umatuluka pa 5V kapena kuposera apo. Posintha pamenepo, komanso polowa m'foni, moto wina umatha ndi kutentha komwe mumakumva mukagwira foni ili pa tchaja. Mapeto ake ya 10,000 mAh imadzaza foni yotere kamodzi ndi theka, ya 20,000 mAh katatu. Wogulitsa akakulonjezani kasanu ndi kawiri, mudziwiretu kuti sizoona.

Opanga okhulupirika sabisa zimenezi. Tembenuzani pawa bankiyo muwerenge timalemba ta kumbuyo. Mupeza nambala ya Wh, muyeso wa mphamvu zonse zomwe batire limasunga, yomwe iyenera kukhala 37Wh pa ya 10,000 mAh ndi 74Wh pa ya 20,000 mAh. Ambiri amalembanso nambala ina yocheperako pafupi ndi mawu oti Rated capacity, yomwe pa ya 10,000 imakhala cha m'ma 6,000 mAh. Umenewo ndiye moto womwe utulukedi pa chingwe. Yopanda manambala amenewa isiyeni.

Kenako inyamuleni. Batire lili ndi kulemera kwake. Ya 10,000 mAh imalemera magalamu 200 mpaka 250, zing'onozing'ono kwambiri zimatsika pang'ono. Ya 20,000 mAh ndi magalamu 350 mpaka 450, kuchepera pang'ono theka la paketi ya shuga. Ya 50,000 mAh yeniyeni imafika pa kilo, moti kanthu kolowa m'thumba la malaya kolembedwa nambala imeneyo ndi kabodza basi. Koma sikelo imagwira zopepuka zokha: achinyengo ena amaika kabatire kamodzi n'kudzaza malo otsalawo ndi mchenga. Pachifukwa ichi gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukhoza kubweza pakatha masiku awiri, ndipo mutenge lisiti. Mayina odziwika monga Anker, Oraimo ndi Xiaomi ndi omwenso opanga zabodza amabera kwambiri, choncho dzina pa bokosi si umboni wokwanira.

Kuyesa kunyumba n'kosavuta. Ithetseni moto wonse, kenako muitchaje ndi tchaja wamba wa 10W, wolembedwa 5V 2A, mukuyang'ana nthawi. Ya 20,000 mAh siingadzaze maola asanu ndi atatu asanakwane, ndipo ya 10,000 imafuna anayi kapena asanu. Ikadzaza m'maola awiri musakondwe kuti ndi yachangu. M'katimo malo osungira moto ndi ochepa. Ikadzaza, tchajani foni kuchokera pa 10 peresenti kufika pa 100 osaigwiritsa ntchito, mubwereze mpaka pawa banki ithime, muwerenge kuti yadzaza foniyo kangati.

Chomwe ambiri sachiyang'ana, pomwe kwathu kuno n'chofunika kuposa kukula, ndi liwiro lomwe pawa bankiyo imalandirira moto. Magetsi akayaka kwa maola anayi n'kuthimanso, ya 20,000 mAh yolowera pa Micro-USB sifika ndi theka lomwe, chifukwa kabowo kameneko nthawi zambiri kamalekera pa 10W. Sankhani yomwe pa mawu oti Input palembedwa USB-C ndi 18W kapena kuposa, kawirikawiri pamakhala zilembo PD. Yotereyi imadzaza m'maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Liwiroli limatheka pokhapokha tchaja ya kukhoma nayo ili ya 18W kupita m'mwamba ndipo chingwe chili chabwino. Zingwe zotchipa zili ndi waya wowonda m'kati, moto umatsika panjira, ndipo chikatalika vuto limakula. Chingwe chachifupi, chosapitirira mita imodzi, ndiye chabwino. Anthu ambiri amene amadandaula kuti pawa banki yawo yafooka amapezeka kuti cholakwa ndi chingwe.

Zija zokhala ndi kasola pamwamba sitizilimbikitsa. Kasolako kamapereka pafupifupi 1W, moti kuti kadzaze 37Wh pamafunika dzuwa la sabata yathunthu kapena kuposa, ndipo nthawi yonseyo batire likupsa ndi dzuwa lomwelo. Ngati kwanu kulibe magetsi, gulani sola yapayokha ya 20W yokhala ndi potulukira USB, muiike padenga kapena pabwalo, pawa banki ikhale pamthunzi.

Kutentha ndiye kumapha mabatire amenewa msanga. Musaisiye m'galimoto yotsekedwa masana a mwezi wa Okutobala, ndipo musaitchaje pansi pa pilo kapena pa matiresi. Magetsi akangobwera dikirani mphindi zingapo musanalowetse tchaja, popeza nthawi imeneyo amatha kubwera mwamphamvu. Ngati simuigwiritsa ntchito, isungeni ili ndi moto wa theka ndipo muziwonjezera pakatha miyezi itatu. Ikayamba kutupa, kununkha kapena kutentha moti simungaigwire, ntchito yake yatha. Musaiboole kapena kuifinya, ndipo chonde musaiponye m'dzala la zinyalala lomwe mumatentha, chifukwa imaphulika ndipo ana amakonda kusewera pafupi.

Rauta ya intaneti ya m'nyumba nthawi zambiri imafuna 9V kapena 12V, choncho siiyaka ndi pawa banki pa chingwe wamba cha USB. Werengani pa tchaja yake, mugule mini UPS, batire loyatsira rauta magetsi akathima, yotulutsa nambala yomweyo. Ka MiFi kam'thumba kokha ndi komwe kamatchajika ngati foni.

Kwa amene mukuitanitsa kwa abale a ku Joni kapena ku UK: pa ndege pawa banki imayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi, ndipo malire osafuna chilolezo ndi 100Wh, pafupifupi 27,000 mAh. Muwauze asankhe yomwe manambala ake akuwerengeka bwino, chifukwa yofufutika malemba akhoza kuwalanda pabwalo la ndege.