Cidziwitso kwa Ogwira Nchito ndi Nyama za mu Labotale

Aliyense amene agwira makoswe, mbewa, mbira kapena akalulu pa nchito ya kafukufuku ayenera kudziwa kuti thupi lake lingathe kuyamba kudana ndi nyamazi, ngakhale kuti poyamba zinalibe kumuvutitsa. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo ndi citetezo ca anthu pa nchito, linacenjeza mu 1998 kuti mwa anthu atatu osamalira nyama zotere, pafupifupi mmodzi amaonetsa zizindikilo, ndipo mmodzi mwa khumi amafika podwala mphumu.

Ambiri aganiza kuti vuto ndi ubweya, koma gwero lalikulu ndi mkodzo, makamaka wa makoswe ndi mbewa zazimuna zazikulu. Mkodzo ukauma mu utuci wa m'khola, mapuloteni ake, amene a khoswe achedwa Rat n 1 ndipo a mbewa Mus m 1, amauluka ndi fumbi n'kulowa m'mphuno, m'maso ndi m'mapapo. N'cifukwa cake amene akhuthula utuci ndi kutsuka makola ndiwo ali pangozi kuposa amene angobwera kudzabaya nyama jekeseni.

Musasese pouma m'cipinda ca nyama, koma pukutani ndi nsalu yonyowa kapena gwiritsani nchito makina okoka fumbi okhala ndi sefa ya HEPA, imene imagwira ngakhale tifumbi tating'ono kwambiri. Khuthulirani utuci mu kabati yokoka mpweya. Valani magulovu, covala ca manja aatali ndi masiki yosefa fumbi ya mtundu wa N95 kapena FFP3 yogwira bwino pankhope, popeza masiki wamba wa kucipatala amalowetsa fumbi m'mbali. Zovala za kunchito zicapidwe komweko, cifukwa mukapita nazo kunyumba mwatengera ana anu fumbi lomwelo.

Zizindikilo kawirikawiri zimayamba m'zaka zitatu zoyambirira: kuyetsemula, cimfine cosatha, maso ofiira oyabwa, ndi zidzolo pamene zikhadabo zakanda. Ngati muona kuti muli bwino pa Sabata koma pa Mande mukangolowa m'cipindamo mphuno yayambanso, uzani wokuyang'anirani tsiku lomwelo. Tikupemphani kuti musabise poopa kucotsedwa nchito, pakuti mphumu ikakhazikika ingapitirire ngakhale mutaleka kugwira nyama. Kupimidwa kungacitike kudzera ku Occupational Health and Safety Institute ya ku Kitwe, ndipo za cipukutamisozi ziyang'aniridwa ndi Workers' Compensation Fund Control Board.

Munthu akalumidwa ndi nyama n'kuyamba kutupa milomo kapena kubanika, athamangitsidwe kucipatala nthawi yomweyo.