Osakana kudulidwa ya penshoni chifukwa cha feteleza

Nyengo ino yogula feteleza pali khalidwe lomwe likundinyansa ndithu. Anthu ogwira ntchito m'mashopu, m'maloji ndi m'masukulu apulaiveti muno mu Zomba akumapita kwa abwana kukachonderera kuti asamawadule ya penshoni, eti bola alandire yonse pamanja awonjezere pa thumba la feteleza. Abwana enanso akungovomera msangamsanga, nanga si opindula ndi iwowo.

Tawerengani nokha. Lamulo la penshoni limati wantchito azidulidwa 5 peresenti ya malipiro ake ndipo abwana aziikapo 10 peresenti yochokera m'thumba mwawo. Tinene kuti mumalandira K200,000 pamwezi, inu mumadulidwa K10,000, abwana amaponyapo K20,000. Ndiye mukati musandidule mwatenga teni sauzande yanuyo inde, koma K20,000 ija mwawapatsa abwana ulele, mwezi ndi mwezi, pakutha chaka K240,000 yapita osawerengera phindu lomwe ikanabereka kukampani ya penshoni. Inshuwalansi ya moyo yomwe lamulo lomwelo limawakakamiza kukulipirirani mukuganiza aikumbukira ngati dzina lanu silili m'buku? Komanso zomwe mwagwirizanazo ndi zophwanya lamulo, kaya munavomerezana mokoma bwanji.

Zoti ana adzandisamala tinazimva kalekale, anawo nawonso akuvutika ndi lendi ku Chinamwali.

Bambo wina amene amalima mpunga kusikimu ya Likangala anandiuza zake tili pamunda. Anakhala mlonda mtauni zaka zambiri, ankakana kudulidwa chifukwa chaka chilichonse pamakhala vuto lake, pena fizi, pena maliro, pena mvula yavuta. Tsiku losiya ntchito anatuluka ndi malipiro a mwezi umenewo basi. Pano msana ukuwawa koma akumaweramabe m'matope kuwokera mpunga, mnzake yemwe ankalonda naye geti limodzi anakatenga ndalama zake nkukhoma malata.

Zochita zake mukuzidziwa kale. Auzeni abwana akulembetseni, pa payslip paziwoneka kuti adula zingati. Funsani sitetimenti kukampani yomwe ikusunga ndalamazo, kaya ndi Old Mutual kaya NICO, muone ngati zikufikadi chifukwa ena amadula koma osatumiza. Zikapanda kufika kadandauleni ku Reserve Bank. Mukasintha ntchito musamutse ndalamazo, osathamangira kukazitapa.