Momwe mungakonzekerere kuyesedwa pa maphunziro ojambula ndi kumanga nyumba

Mwana wa kuno ku Salima akasankhidwa kukaphunzira zojambula mapulani ndi kamangidwe ka nyumba, kawirikawiri ulendo wake umakathera ku Blantyre, ku MUBAS, sukulu imene makolo ambiri amaitchulabe kuti Poly ngakhale inaima payokha mu 2021. Kumeneko amakapeza kuti kuloweza manotsi usiku wonse, komwe kunamuthandiza pa MSCE, sikukwanira. Maphunzirowa amayesa zimene mutu ndi manja anu angathe kuchita, ndipo aphunzitsi amanenerathu zimene adzafune kuona. Vuto n'lakuti ophunzira ambiri sawerenga pomwe zalembedwapo.

Choyamba, sabata yoyambirira ya semesita tengani course outline ya phunziro lililonse. Pamenepo pali kagawo kotchedwa learning outcomes, kamene kamanena zomwe wophunzira ayenera kutha kuchita phunzirolo likamatha. Musakalumphe. Tengani cholembera mudule mzere pansi pa ntchito iliyonse yomwe yatchulidwa: kufotokoza, kuwerengera, kujambula, kuyerekeza. Ngati palembedwa kuti mudzathe kuwerengera katundu amene bimu (mtanda wonyamula kulemera kwa nyumba) inganyamule, kudziwa tanthauzo la bimu sikukupatsani malikisi. Muyenera kukhala pansi n'kuchita samuzo mpaka dzanja lizolowere.

Kenako onani pepala lomwelo pomwe pagawidwa malikisi. Ena amachokera ku ntchito za mkati mwa semesita, ena ku mayeso omaliza, ndipo kagawidwe kake kamasiyana phunziro ndi phunziro. Lembani masiku onse operekera ntchito pa kalenda imodzi, muipachike pomwe mumagona. Mudzaona kuti ntchito ya ku situdiyo, komwe mumajambulira mapulani, ndi imene imadya nthawi yochuluka, ndipo siitheka kuithamangira usiku umodzi.

Pa situdiyo pomwepo ndi pofunika kudekha. Tsiku loonetsa ntchito, limene ophunzira amangoti crit, mumapachika mapepala anu pakhoma, pambali mwaika kanyumba kanu ka makatoni, aphunzitsi ndi anzanu akhala patsogolo panu. Asanamve mawu anu, maso awo amayamba athamangira pa zinthu zing'onozing'ono: kamuvi koloza kumpoto kalipo? Sikelo, muyezo wochepetsera nyumba papepala, yalembedwa? Zenera lomwe lili pa pulani likuonekanso pa chithunzi cha kutsogolo kwa nyumba, pamalo omwewo? Kenako limabwera funso limene limagwetsa ambiri: "N'chifukwa chiyani mwachita chonchi?" Kuyankha kuti zikuoneka bwino si yankho. Chilichonse chimene mwajambula chikhale ndi chifukwa, ndipo chifukwacho muchinene m'mawu ochepa. Yesezani kulankhula pamaso pa mnzanu dzulo lake. Pa tsikulo mupemphenso mnzanu wina azilemba zomwe aphunzitsi akunena, chifukwa munthu ukaima kutsogolo mtima uli phaphapha, theka la ndemanga limadutsa osalimva. Ndemangazo ndizo mudzakonzere ntchito yotsatira, ndipo aphunzitsi amaona ngati mwazitsata.

Apa ndi pamene ine ndimati wochokera kunyanja ali ndi mwayi umene sauzindikira. Inu mukudziwa momwe chipinda cha malata opanda siling'i chimawotchera mu Okotobala. Mukudziwa mbali imene mwera umachokera ndi momwe umasasulira denga lomangidwa mwachisawawa. Mwaona makoma ong'aluka pa dothi lamakande, limene limafufuma mvula ikagwa n'kuchita ming'alu m'chilimwe. Akuluakulu kwanu amakumbukira chivomerezi cha mu 1989 chimene chinagwetsa nyumba zambiri m'boma lino. Zonsezi ndi mayankho a funso lija. Khonde lalikulu loteteza khoma ku dzuwa, mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, maziko ofika pa nthaka yolimba, ring beam yomanga makoma onse pamodzi: mukazifotokoza kuchokera pa zimene munaona ndi maso, amene akuyesani amamva kuti mukudziwa chomwe mukunena.

Chotsatira n'cha patchuthi. Musabwere kudzangopuma. Pezani tepi yoyezera ndi kabuku kopanda mizere, muyeze nyumba ya kwanu chipinda ndi chipinda, kukhuthala kwa khoma, kutalika kwa chitseko, n'kuijambula pa sikelo. Mukamaliza pemphani chilolezo pamalo pomwe akumanga, kaya pa boma kapena ku Senga Bay, mukaime pafupi ndi amisiri. Onani momwe amamangira zitsulo asanathire konkire, momwe amayalira pulasitiki yotchinga chinyezi, momwe amathiririra mabuloko kuti alimbe. Funsani mwaulemu, mmisiri amene wagwira chipande zaka zambiri amadziwa zinthu zimene buku limangozitchula mzere umodzi. Muonetsetse kwambiri mabuloko a simenti, poti kuyambira 2018 malamulo a NCIC, bungwe lomwe linapatsidwa udindo woyang'anira ntchito zomangamanga, analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, ndipo ntchito zambiri zomwe mudzagwire zidzakhala za zipangizo zotere.

Za mayeso olemba, monga a samu ndi a kulimba kwa zomangamanga, njira yake n'njodziwika: mapepala a zaka zam'mbuyo, gulu laling'ono la anzanu, ndi kuonetsa sitepe iliyonse ya samu pamodzi ndi mayunitsi ake. Werenganinso malamulo a sukulu okhudza sapu (mayeso olembanso ukalephera) ndi kubwereza phunziro musanafike powafuna.

Pomaliza, musataye chojambula chilichonse, ngakhale chija munachikhwatchakhwatcha. Portfolio, mpukutu wa zojambula zanu zonse, imayesedwa poona momwe ganizo linakulira kuchokera pa mzere woyamba kufika pa pulani yomaliza, choncho lembani deti pa pepala lililonse. Tolani zithunzi za tinyumba ta makatoni tisanaphwanyike m'basi, ndipo mafayilo a pakompyuta muwasunge malo awiri. Mukapita ku atachimenti, kokaphunzira ntchito pakampani, lembani tsiku ndi tsiku zimene mwagwira, wokuyang'anirani azisayinira sabata iliyonse. Chizolowezi chimenechi mudzachifunabe mukamaliza digiri, pamene muzidzasonkhanitsa umboni wa ntchito kuti mulembetse ku bungwe lovomereza akatswiri a ntchitoyi.