Momwe Mungabwezeretsere Mitengo Posamalira Mphukira za Zitsa

Malo akatsala pamtetete mitengo itadulidwa, ambiri amathamangira kudzala mbande za ku nazale. Komatu m'madera ouma mbande zambiri zimafa mvula ikangotha, chifukwa mizu yake imakhala isanazame. Chitsa chamoyo chili kale ndi mizu yofika kumene kuli chinyezi, n'chifukwa chake mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande. Njira yosamalira mphukirazi inafala ku Niger m'zaka za m'ma 1980, kuyambira m'chigawo cha Maradi, kumene katswiri wa zaulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, ankagwira ntchito ndi alimi. Kuchokera nthawiyo, mitengo yabwereranso pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni m'dzikolo.

Choyamba, yenderani malo anu musanayambe kusosa, ndipo zindikirani zitsa zimene zikuphukira. Tizitsamba tambiri timene timasadzidwa chaka ndi chaka ngati tchire ndi mitengo ikuluikulu yomwe ikuyesetsa kumeranso. Sankhani mitundu yogwirizana ndi zosowa zanu, kaya ndi zipatso, nkhuni, milimo kapena chakudya cha ziweto. Msangu ndi woyenera kuusiya m'munda chifukwa umayoyola masamba m'nyengo ya mvula, motero sutchingira mbewu dzuwa, ndiponso umawonjezera chonde m'nthaka.

Chachiwiri, pachitsa chilichonse siyanipo mphukira zitatu kapena zisanu zowongoka ndi zamphamvu, ndipo zina zonse muzidule. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amachita chisoni kudula mphukira zobiriwira bwino, osadziwa kuti zikachuluka zimalimbirana madzi ndi chakudya mpaka chitsacho chimangokhala chiyangoyango chosapita m'mwamba. Gwiritsani ntchito chikwanje kapena mpeni wakuthwa, ndipo podula nthambi yambirani pansi pake kupita m'mwamba kuti khungwa lisasendeke, popeza bala lotero limalowetsa matenda ndi tizilombo. Mphukira zimene mwasiyazo muzitengulire mpaka theka la msinkhu wake, koma nthambi za kumtunda musazikhudze, chifukwa masamba ake ndiwo amadyetsa mtengowo.

Kenaka mangirirani kansanza pamphukira zosankhidwazo kuti aliyense wodutsa adziwe kuti mtengowo uli ndi mwini wake.

Chachinayi ndi chitetezo, ndipo ntchito imeneyi munthu mmodzi sangaithe. Mbuzi zimadya nsonga zanthete, ndipo moto wolusa ungathe kupsereza m'tsiku limodzi zimene zakula kwa zaka ziwiri. Lambulani udzu kuzungulira mitengo chilimwe chisanafike pachimake, ikani nthambi zaminga mozungulira tsinde, ndipo gwirizanani ndi eni malo oyandikana nanu za kadyetsedwe ka ziweto ndi kapewedwe ka moto. Ku Niger ntchitoyi inapita patsogolo alimi atatsimikiza kuti mitengo imene akusamalira adzapindula nayo okha.

Pomaliza, bwererani pakapita miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi kukachotsa mphukira zatsopano zimene zatuluka pachitsa. Nthambi zimene mwadula zikhale nkhuni, masamba ake muwasiye pansi kuti aphimbe nthaka ndi kuchepetsa kukokoloka. Chaka chilichonse mukhoza kukolola tsinde limodzi, bola musiye lalikulu kuti likhwime, ndipo mulole mphukira yatsopano kulowa m'malo mwa imene mwadulayo.