Khonsolo ichite chiyani akabwera opulumutsa nyama zomwe zikutha

Ndikulembera inu makhansala ndi anzanga a m'makomiti a chitukuko a m'dera (ADC) ndi a m'midzi (VDC), makamaka a m'maboma ogundana ndi nkhalango, phiri kapena nyanja. Tigwirizane kaye kuti njovu ndi zipembere si za khonsolo. Zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, yomwe inapereka Majete mu 2003, kenako Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, kwa bungwe la African Parks kuti liziyendetsa. Koma anthu amene minda yawo yathera pa mpanda ndi anu. Njovu ikadya chimanga usiku, kukacha mwini munda sakwera basi ya ku Lilongwe, amagogoda kwa nyakwawa ndi kwa khansala.

Ntchito yanu iyambe nyama isanatsike m'galimoto. Akatswiri akabwera kudzapereka moni kwa bwanamkubwa, musangowalandira ndi kuwawombera m'manja. Apempheni akafotokoze ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe pa khonsolo, akatero ku msonkhano wa khonsolo yonse, mafumu akuluakulu ali pomwepo. Afunseni zinthu zooneka ndi maso. Mukubweretsa nyama zanji, zingati, mwezi uti? Mpanda wamagetsi wafika pati, nanga watsala mtunda wotalika bwanji? Ukaduka akonza ndani? Nyama ikatuluka tiimbire nambala iti, ndipo a gemu afika patatha nthawi yaitali bwanji? Mayankho alowe m'maminitsi, asainidwe.

Pa funso la mpanda musanyengerere. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, nkhalango yonse inazunguliridwa ndi mpanda, ndipo zipembere zomwe zinabwera mu 2003 ndi mikango ya mu 2012 zaswana anthu akulima chapafupi. Ku Kasungu njovu 263 zinachokera ku Liwonde mu 2022 mpanda usanathe, ndipo madandaulo a minda yowonongedwa ndi anthu ophedwa anamveka mbali ya kuno ndi ya ku Zambia komwe. Khonsolo ilibe mphamvu yoimitsa ntchito yotere, koma ili ndi pakamwa, ndipo kalata yake yonena kuti "malizani mpanda kaye" imalemera kuposa kulira kwa mudzi umodzi.

Za chipukuta misozi nenani zoona. Lamulo lathu la nyama zakutchire sililonjeza kulipira munthu amene njovu yamudyera mbewu. Khansala amene amaima pa maliro n'kunena kuti boma lilipira wangoyatsa moto, chifukwa malipirowo akapanda kubwera, ukali umagwera pa mpanda ndi pa nyama. Chomwe mungakambirane ndi bungwelo ndi thandizo lomwe lingathe: kunyamula wovulala kupita naye kuchipatala, mbewu yobzalanso, mjigo kunja kwa mpanda kuti amayi asamakatunge kumtsinje kwa ng'ona.

Chida chomwe ine ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi kope wamba la ana a sukulu. VDC iliyonse yogundana ndi nkhalango ikhale nalo, ndipo mlembi azilemba tsiku, mudzi, mtundu wa nyama, malo omwe yatulukira, chomwe yawononga, nthawi yomwe anaimba foni ndi nthawi yomwe a gemu anafika. Pakutha pa mwezi ADC isonkhanitse zonse n'kupereka kwa mkulu woona za chilengedwe pa khonsolo. Popanda kopeli, misonkhano imathera m'kukokanakokana: a m'mudzi akuti njovu zimabwera tsiku lililonse, a nkhalango akuti zinatuluka kamodzi. Kope likakhala patebulo mumaona kuti vuto lili pa khwawa limodzi pomwe madzi amakumba pansi pa waya, kapena kuti limakula chimanga chikamacha. Akatswiriwo amalikondanso, poti makolala omwe amaveka nyama amawauza komwe yayenda koma sawauza kuti yalowa m'munda wa yani. Kopelo lilembenso za mbali yathu, monga waya wa mpanda wobedwa. Wayayo ndi amene amasanduka makhwekhwe, ndipo ku Liwonde kokha anatola misampha yotere yoposa 30,000.

Mphamvu yeniyeni yomwe muli nayo, imene bungwe lililonse lilibe, ndi yopanga malamulo a khonsolo, yochokera m'lamulo la maboma aang'ono la 1998. Chambo ndiye chitsanzo chabwino. Mitundu ina ya chambo inaikidwa mu 2018 pa mndandanda wa zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu, ndipo nyanja simungaimangire mpanda. Ku Nkhata Bay khonsolo, mafumu, a zausodzi ndi bungwe la Ripple Africa anapanga malamulo oletsa kuwedza ndi neti ya udzudzu ndi oteteza malo oswanirana nsomba, makomiti a m'madoko n'kumalanda maukonde oletsedwa. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, osadikira aliyense wochokera kunja. Choncho musanalembe lamulo latsopano, funsani mafumu zomwe zilipo kale, akatswiri akuuzeni miyezi ndi malo oswanirana, inu mumange ziwirizo pamodzi. Lembaninso momveka komwe ndalama za chindapusa zizipita. Makomiti ambiri amafera pamenepo.

Ntchitoyi ilowe m'mapulani a chitukuko, kuyambira a m'midzi mpaka pulani ya boma lonse, apo ayi idzatha tsiku lomwe thandizo la bungwe lidzathe. Ganyu wolambula mpanda, wopalira njira zotchinga moto ndi wosamalira nazale apite kwa anthu a midzi yoyandikira, mayina atchulidwe pa bwalo, osati m'thumba la wapampando. Pa phiri la Mulanje, kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza 7 yokha, mtengo womwe ndi chizindikiro cha dziko lino. Mbande zobzalanso zinafesedwa m'manazale a anthu a m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, iwo n'kumalandirapo ndalama. Mbande yotere imaphedwa ndi moto wa osaka mbewa ndi nyama, ndipo wouletsa ndi nyakwawa, osati katswiri wa mitengo. Za alawansi ndinenepo pang'ono: msonkhano wa nkhani izi uzichitika ngakhale palibe envulopu.

Misika nayo ndi ya khonsolo. Otolera ziphaso amadziwa bwino amene amagulitsa nyama ya m'tchire, kasawala kapena matabwa a mkungudza, ndiye muwaitane pamene akatswiri akuphunzitsa. Anthu auzidwenso kuti lamulo linasintha mu 2017, ndipo wopezeka ndi ngaka, minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Wina akatola ngaka m'munda asaisunge m'nyumba, asaipititse kwa mfumu ngati mphatso monga kale. Aimbire a gemu kapena apolisi tsiku lomwelo, iwo adzaipititsa kwa a Lilongwe Wildlife Trust omwe amazisamalira n'kuzibwezera kutchire. Nambalayo imatidwe pa ofesi ya ADC, pa sukulu ndi pa chipatala.